F1 2026 ikuyamba ku Melbourne, ife a Ferrari tiyembekezere chani?

Tifosi_wotopa

Akuluakulu moni nonse. Ndili ndi funso koma mundiyankhe mwachilungamo, zonyozazo musunge kaye kkk. Pa 8 March 2026 magalimoto a mpikisano wa Formula 1 (F1) akhala atandanda pa grid, pamalo oyambira paja, ku Melbourne ku Australia, malamulo asintha pafupifupi chilichonse, injini zina, mapiko ena, DRS, phiko lakumbuyo lija lomatseguka kuti udutse mnzako, yapita, matimu afika 11, nde ine mtima wayambanso zake zija umachita chaka chilichonse January akamatha, kumangondinong'oneza kuti chaka chino nde chathu. Madam kunyumba anandizolowera kale, akangoona ndatulutsa kapu yofiira ija amangopukusa mutu nkumapitiriza zomwe amachita.

Vuto langa ndi ili. Chaka chatha nthawi ngati ino ndinali m'mwamba zedi. Hamilton wasiya Mercedes wabwera ku Ferrari, chithunzi chija ataima ku Maranello kwawo kwa Ferrari atavala chikhothi chakuda pambali pake pali galimoto ya F40 ndinachiika pa foni miyezi itatu osachotsa. Kufika ku Melbourne mvula, munthu nkuthera nambala 10, ine ndinati aaa ndi tsiku loyamba, akuphunzira mabatani a pa chiwongolero, musiyeni. Sabata yotsatira ku China loweruka wawina sprint, kampikisano kakafupi kaja, ine kukuwa ndekha pa sofa mpaka mwana kudzidzimuka kuchipinda. Lamulungu lake magalimoto onse awiri achotsedwa mu zotsatira, ya Leclerc, mnzake wa mu Ferrari, yapezeka yopepuka ndi kilo imodzi, ya Hamilton thabwa la pansi lija laperepeseka mopitirira muyezo. Kuchoka pamenepo basi kunali kungopirira. Munthu wa zikho 7 sizoni yonse osakwera podium ya Grand Prix, kutanthauza kuthera mu atatu oyamba, olo kamodzi, chinthu chomwe sichinamuchitikirepo chiyambireni 2007, timu yonse osawina mpikisano ngakhale umodzi, nkuthera nambala 4.

Nde ndikufunsa inu amene mumazitsata bwino zamkatizi. Malamulo atsopanowa ndi mwayi weniweni woti zinthu zisokonekere tonse tiyambire pamodzi, kapena tikungosintha dzina la timu yomwe izitikwapula? Ndipo mukuyembekezera chani inuyo pa mpikisano woyambawu? Chikho cha madalaivala ife tinachiona komaliza 2007 ndi Kimi Räikkönen, cha matimu 2008, mwana amene anabadwa nthawi imeneyo pano ndevu zamera.

MkuluWaV10

Mphwanga, kapuyo ichapeni muivale, koma mtima muusiye kaye mu kabati.

Ine ndinayamba kuonera zimenezi nthawi ya Schumacher ndi Häkkinen, injini zikulira ngati zing'amba TV, nde zosintha malamulozi ndaziona kangapo ndipo nyimbo yake imakhala yomweyomweyo, akuti tsopano matimu afanana aliyense ali ndi mwayi. Ayi ndithu. Matimu amayandikirana malamulo akakhala zaka zingapo osasintha, chifukwa aliyense amakhala waonera kale kwa mnzake ndipo zobisa zatha. Akangosintha, pamakhala wina mmodzi amene watulukira kanthu komwe ena sanakaone, nkuthawa nako, enawo kumathamangitsa fumbi zaka ziwiri zitatu.

Kumbukirani 2009. Honda yatseka timu kumapeto kwa 2008, Ross Brawn nkuitola, galimoto yoyera mbee yopanda ndi ma sponsor omwe, injini ya Mercedes yongolowetsamo mochedwa, koma kumbuyo kwake kunali kachinsinsi kaja ka double diffuser, kowongolera mphepo ya pansi kuti galimoto igwire msewu. Button, dalaivala wake, anawina mipikisano 6 mwa 7 yoyambirira. Ferrari ndi McLaren omwe chaka chapitacho analimbirana chikho mpaka kona yomaliza ku Brazil anali kuvutika pakati pa gulu. 2014 kubwera ma V6 a hybrid, Mercedes nkuwina 16 mwa 19, ndipo chikho cha matimu sanachitulenso mpaka 2021, zaka 8 zotsatizana. Nde 2022 imeneyo inuyo a Ferrari musamaiiwale, chifukwa ndi imene ikuyankha funso lanu bwinobwino. Malamulo atsopano, ku Bahrain Leclerc woyamba Sainz wachiwiri, ma Red Bull onse awiri afera panjira mpikisano uli pafupi kutha. Ku Australia Leclerc wawinanso, Verstappen wa Red Bull galimoto yazimanso. Masapota ofiira anayamba kugawana chikho April asanathe. Pofika November Verstappen wawina 15, ndipo 2023 Red Bull inatenga 21 mwa 22.

Ndiye kusokonekera kudzakhalapo inde, koma kusokonekera sikutanthauza kuti onse afanana. Kukutanthauza kuti sitikudziwa amene athawe.

China, musamakomedwe ndi nthawi za pa testing, poyesa magalimoto sizoni isanayambe. Ku Bahrain kuja timu iliyonse imadziwa yokha mafuta omwe yathira mu thanki, matayala omwe yavala komanso ngati injini yaitsegula yonse kapena ayi. Wina amathira mafuta ochepa kuti dzina lioneke pamwamba mabwana asangalale, wina amadzaza thanki dala kuti aoneke wofooka. 2019 aliyense ankalumbira kuti Ferrari ili patsogolo pambuyo pa testing ya ku Barcelona, sizoni itayamba Mercedes inawina mipikisano 8 yoyambirira motsatizana, isanu yoyambayo woyamba ndi wachiwiri onse awo. Chikomekome cha mkuyu. Ine pa testing ndimangowerenga kuti galimoto yazungulira kangati osabwerera pa lole, komanso nkhope za amakaniko mu garaja. Akamaseka ndi makapu a khofi m'manja zili bwino, akatseka chitseko ndi zotchinga zija tsiku lonse dziwani kuti kwaipa.

Koma kuti ndisakuphereni mtima wonse, pali kanthu kamodzi kokomera Hamilton wanuyo. Magalimoto a ground effect aja a 2022 mpaka 2025, odalira mphepo ya pansi kuti agwire msewu, sanagwirizane naye chiyambire, zaka zinayi wawina kawiri kokha, Silverstone ndi Spa 2024. Iye amakonda kuponda buleki mochedwa nkuiponyera galimoto mu kona, pomwe magalimoto aja ankafuna uziwanyengerera, olimba ngati thabwa komanso otsika mpaka kumakhula pansi. A chaka chinowa pansi pawo ndi pophwatalala kuposa aja, mwina amubwezera kaonedwe kake kakale. Ndati mwina. Munthuyo wakwanitsa zaka 41 mu January, ndipo Leclerc chaka chatha anamuposa poonekeratu mu galimoto imodzimodzi.

spana_10

Madala a V10 anena zoona koma ine ndiwonjezere za injini chifukwa anthu ambiri akungokamba za madalaivala pomwe nkhani yonse chaka chino ili pansi pa chivundikirocho.

Injini ikadali V6 ya 1.6 lita ya turbo, koma achotsa MGU-H, kachipangizo kaja kamatenga mphamvu ku utsi wa turbo, kanali kodula komanso kovuta kupanga moti makampani atsopano ankaopa kulowa chifukwa cha iko. Mbali ya magetsi yakwera kuchoka pa 120 kW kufika pa 350 kW, ndiye pafupifupi theka la mphamvu ya galimoto likuchokera ku batire. Mafuta nawo ndi ena, osachokera ku mafuta okumba pansi aja, ndipo kampani iliyonse ya mafuta ili ndi kasakanizidwe kake, pamenepanso wina atha kupezerapo mwayi ife osaona ndi maso.

Nde taganizani, batire lija silikula modabwitsa ayi koma likuyenera kutulutsa mphamvu pafupifupi katatu kuposa kale, ndipo lizidzadza makamaka pomanga mabuleki kapena dalaivala akachotsa phazi pa moto. Kutanthauza kuti pa njira zowongoka zazitali ngati ku Monza kapena Baku batire litha kutha galimoto isanafike pa kona, liwiro nkuyamba kutsika munthu phazi lili pansi. Nchifukwa chake abweretsa mapiko osuntha, akutsogolo ndi akumbuyo omwe, pa njira yowongoka amatseguka kuti mphepo isamagwire galimoto, pofika pa kona amatsekeka. Zimenezi azichita aliyense, osati wothamangitsa yekha ngati DRS. M'malo mwa DRS, ukakhala pasanathe sekondi imodzi kumbuyo kwa mnzako umapatsidwa magetsi owonjezera oti umudutsire. Koma ukawamwaza onse pamenepo lap yotsatira iweyo ndi amene ukhale nyama, akubwezera pompo.

Ine mantha anga ali pamenepa. Titha kuona kudutsana kwambiri koma kopanda mchere, wina akudutsa mnzake osati chifukwa walimba mtima pa buleki koma chifukwa winayo batire lafwa. Ndipo tizimva mainjiniya pa wailesi akungouza madalaivala kuti chotsa phazi msanga, sunga magetsi, mpaka pa qualifying pomwe, polimbirana malo oyambira. Mbali yabwino ndi yoti dalaivala wa mutu, woganiza akuthamanga, apindula kwambiri, anthu ngati Alonso, Verstappen, Russell. Magalimoto achepetsedwanso, m'lifupi kuchoka 2000 mm kufika 1900 mm, kutalika pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuchoka 3600 kufika 3400, kulemera kwatsika ndi makilo pafupifupi 30 kufika 768. Sizambiri koma bola, aja anali ngati mabasi ku Monaco.

Za amene ali patsogolo, ine ndalama yanga ndikanaika pa injini ya Mercedes, osati chifukwa cha mphekesera zokha koma tawerengani: iwo akupereka injini ku matimu anayi, Mercedes yeniyeni, McLaren, Williams ndi Alpine yomwe yasiya injini zake za Renault. Magalimoto 8 akusonkhanitsa data tsiku lililonse. Ferrari ili ndi matimu atatu, iwo eni, Haas ndi Cadillac. Injini ya Red Bull ndi Ford ili ndi matimu awiri. Honda imodzi, Audi imodzi. Pa injini yatsopano amene wazungulira kwambiri ndi amene amapeza matenda msanga nkuwachiza. Nde ngati Mercedes yakhoza, Russell, dalaivala wawo, ndi amene ndikumuona, chaka chatha anawina ku Canada ndi ku Singapore ndi galimoto yomwe sinali yabwino kuposa onse, ndipo salakwitsa zachibwana masiku ano.

Ku Melbourne yembekezerani magalimoto angapo kuima m'mbali mwa msewu utsi uli tolotolo. Tinazolowera zaka zapitazi pafupifupi onse kumaliza, chaka chino musadabwe safety car, galimoto yochepetsa liwiro la onse pakachitika ngozi, ikatuluka katatu.

NaPapaya

Kkkkk achimwene a Tifosi pepani, mwandimvetsa chisoni ndi nkhani ya mwana kudzidzimukayo. Koma inu a Ferrari mumandisangalatsa, chaka chilichonse February mumakhala akatswiri, pofika June mwayamba kale kunena za chaka chamawa.

Ife a McLaren tikulowa sizoni ino nambala 1 ili pa galimoto yathu, chikho cha matimu kawiri motsatizana, 2024 ndi 2025, ndipo Lando Norris watenga cha madalaivala chomwe McLaren inachiona komaliza 2008 ndi Hamilton wanu yemweyo. Koma ndisaname, sindinagone bwino mwezi wonse wa November. Ku Las Vegas magalimoto onse awiri kuchotsedwa chifukwa cha thabwa lomwelo munalira nalo ku China, ku Qatar safety car yatuluka aliyense walowa kukasintha matayala ife tokha nkukhala panja ngati sitikuona, kufika ku Abu Dhabi ndinaonera nditaima, manja ali m'mutu, Lando akungofunika nambala 3 ndipo anatheradi nambala 3, 423 kwa 421. Mapointi awiri okha asisi inu, galimoto yomwe inali yothamanga kuposa onse theka lonse la sizoni. Ndiye ine sindikunyada kwambiri ayi.

Zomwe a spana anenazi nzimene zikundidetsa nkhawa. Ife injini timagula. Malamulo akakhala okhazikika wogula atha kuposa mwini wake, taonetsa kale zaka ziwirizi, koma chaka choyamba cha injini yatsopano mwini fakitale amadziwa zinthu zomwe kasitomala amazitulukira mochedwa, makamaka kagwiritsidwe ntchito ka batireko. 2014 McLaren inali ndi injini ya Mercedes yomweyo koma sinawine olo kamodzi. Komanso poti tinathera pamwamba, nthawi yathu mu wind tunnel, moyesera galimoto ndi mphepo, ndi yochepa kuposa matimu onse, lamulo lake ndi lomwelo, wapamwamba amalandira zochepa.

Chomwe ndikufuna ine ku Melbourne ndi chimodzi, Oscar Piastri, dalaivala wathu winayo, akwere podium kwawo. Chiyambireni mpikisano wa ku Australia kulowa mu kalendala ya F1 palibe mwana wa dziko limenelo anaimapo pa podium kwawo nkukhala nayo, Ricciardo anathera wachiwiri 2014 anthu nkusangalala, usiku womwewo nkumuchotsa chifukwa cha kayendedwe ka mafuta. Chaka chatha Oscar anali wachiwiri bwinobwino, mvula nkubwera, waterereka wakakamira pa kapinga, ndinamuonera akulimbana ndi giya ya rivesi matayala akungozungulira pamodzimodzi, anthu ku ma stand ali chete, mpaka anatulukamo nkuthera nambala 9. Mnyamata ameneuja anatsogola pa mapointi miyezi yambiri nkudzathera wachitatu, ndipo za ku Monza zomuuza kuti abweze malo kwa Lando chifukwa choti pit stop ya Lando, posintha matayala, inachedwa, ine ngakhale ndine wa timu sindinazimvetse mpaka lero. Chaka chino sindikuganiza kuti akamuuza zoterozo angoti chabwino. Awiriwa akapezekanso ndi galimoto yowina, kukhala moto m'nyumba.

Max_yekha

Inu mukuvutikiranji ndi masamu onsewa. Chaka chatha pambuyo pa mpikisano wa ku Zandvoort Max Verstappen anali kumbuyo ndi mapointi 104, timu ili pa chipwirikiti bwana wake Horner atachotsedwa July, aliyense atamulemba kale kuti zake zatha, nkudzathera mapointi awiri kumbuyo kwa katswiri. Wawina 8, Lando 7, Oscar 7. Sizoni ikanakhala ndi mpikisano umodzi wowonjezera asisi a Papaya bwenzi pano mukulemba zina kkk.

Chondiopsa ine si dalaivala, ndi injini basi. Red Bull sinapangepo injini yakeyake chiyambire, iyi ndi yoyamba, fakitale anaimanga pa Milton Keynes pomwepo kuyambira pansi, Ford ikuthandiza, ndipo akukapikisana ndi anthu omwe akhala akupanga injini zaka makumi. Ikangokhala yapakatikati, osati yabwino kwambiri, yapakatikati chabe, Max amaliza yekha zotsalazo. Ikakhala mbola nde konzekani kumva nkhani zoti akupita kwina sizoni isanafike pakati.

Amene ndikumumvera chisoni ndi Hadjar, mnzake watsopano wa Max mu Red Bull. Mpando wachiwiri uja wadya anthu, Gasly, Albon, Pérez, Lawson anangokhalapo mipikisano iwiri yokha, Tsunoda naye watsika. Komatu Hadjar ali ndi mtima, chaka chatha ku Melbourne komweko anagunda khoma pa formation lap mpikisano usanayambe nkomwe, akuyenda kubwerera akulira chipewa osavula, bambo ake a Hamilton nkupita kukamukumbatira, miyezi ingapo kutsogolo ali pa podium ku Zandvoort. Bola iyeyu akuyamba ndi galimoto yatsopano kwa onse awiri, osati yomwe inasokedwa kale pa thupi la Max.

Tifosi_wotopa

Eish, ndinabwera kudzafuna chilimbikitso mwandipatsa homuweki kkk. Madala a V10 za 2022 musandikumbutse chonde, Monaco ija anamuitana Leclerc kuti alowe kenako nkumukuwira kuti khala panja iye atalowa kale, kuchoka pa pole, malo oyamba pa grid, kwawo nkuthera nambala 4, ine tsiku limenelo ndinazimitsa TV nkukakhala panja ndekha ngati ndaferedwa. Nde ndikuvomera, ngakhale galimoto itakhala yabwino ife tili ndi matenda ena pa khoma la pit paja.

Koma a spana tandiuzeni, mesa Vasseur, bwana wa Ferrari, ananena yekha kuti anasiya msanga kukonza galimoto ya 2025 kuti mphamvu zonse zipite ku ya chaka chino? Ndiye kuvutika konse kuja tinalipira kale, pakuyenera kuoneka kanthu. Ndipo pothera nambala 4 tili ndi nthawi yambiri mu wind tunnel kuposa McLaren, Mercedes ndi Red Bull. Kapena ndayambanso kudzinamiza?

spana_10

Simukudzinamiza kwenikweni amwene, zonse ziwirizo nzoona, kungoti si inu nokha munachita zimenezo. Williams inasiyanso msanga, Alpine inachita kuitaya sizoni yonse nkuthera kumapeto penipeni, aliyense amene sankalimbirana chikho anathamangira ku 2026. Kuyamba msanga kumathandiza ngati njira yomwe mwatenga ndi yolondola, ngati ndi yolakwika mwangofika msanga kolakwikako. Mercedes 2022 inabwera ndi galimoto yopanda ma sidepod, zotupa za m'mbali zija, aliyense nkuchita mantha, kenako inkangodumphadumpha pa njira yowongoka Hamilton kutuluka ku Baku atagwira msana.

Ine ndingati dikirani mipikisano itatu kapena inayi. Albert Park ya ku Melbourne ndi njira ya mu paki, siyinena zoona zonse. Suzuka ya ku Japan ndi imene imavula galimoto, makona othamanga a sector yoyamba aja sungabise kanthu.

Gogo_Nando14

Mwakamba zambiri koma palibe watchula nkhani yomwe ine ikundisowetsa tulo. Adrian Newey, katswiri wojambula magalimoto a F1, wajambula galimoto ya Aston Martin, injini ndi ya Honda yomwe yangochoka kupatsa Verstappen zikho zinayi, fakitale yatsopano ku Silverstone, wind tunnel yawoyawo, ndalama za a Stroll eni timu zosatha, ndipo woyendetsa ndi Fernando Alonso amene akwanitse zaka 45 mu July. Munthu ameneyu anawina komaliza ku Barcelona 2013, ali mu Ferrari yanu a Tifosi, mpikisano wake wa 32, ndipo ife takhala tikudikira wa 33 zaka zonsezi. Ku Monaco 2023 unatsala pang'ono. Inu mukuti mwatopa kudikira, ife tinasiya nkuwerenga komwe.

Newey malamulo akasintha ndi nthawi yake. 1998 ndi McLaren anakhoza, 2009 Red Bull yake ndi imene inali yothamanga kumapeto kwa sizoni kenako nkutenga zikho zinayi motsatizana, 2022 anaona vuto la kudumphadumpha ena asanalione. Mkulu ameneuja mpaka lero amajambula ndi pensulo pa bolodi, ndipo pa grid amayenda ndi kabuku kake kumasuzumira magalimoto a anzake ngati akufuna kugula. Chomwe sindikukonda ndi choti amupatsanso udindo woyendetsa timu yonse, munthu wojambula mumusiye ajambule, za misonkhano ndi atolankhani zimudyera nthawi. Komanso anayamba ntchito March 2025, mochedwerapo poyerekeza ndi anzake.

Ndipo pali kachilonda kena. Alonso ndi Honda anakumanapo kale ku McLaren 2015, injini yosathamanga yomangofa, mpaka iye kuinyoza pa wailesi ku Suzuka kwawo kwa Honda kuti ndi ya GP2, mpikisano wa pansi pa F1. Honda yomweyo inalengeza kuti ikuchoka mu F1 kumapeto kwa 2021 kenako nkusintha maganizo, ndiye sindikudziwa kuti gulu lawo la mainjiniya linabwerera lonse kapena ayi. Zikakhala ngati 2015 ine ndiye ndisiya kuonera, ndikunena pano mundisungire mawu.

Za alendo awiri a chaka chino, Audi ndi Cadillac, Audi si yatsopano kwenikweni, ndi Sauber yomwe ija ya ku Hinwil yavala malaya ena, chatsopano ndi injini yomwe akupangira ku Germany. Hülkenberg, dalaivala wawo, ndimamufunira zabwino, munthu anadikira mipikisano 239 kuti akwere podium ku Silverstone chaka chatha. Cadillac ndiye yoyambira pa ziro, bola anachenjera kutenga akuluakulu awiri, Bottas wawinapo 10 Pérez 6, anthu odziwa kuuza mainjiniya kuti galimoto ikudwala pati. Asamayembekezere zambiri, ngakhale Haas 2016 inafika ku Melbourne koyamba Grosjean nkuthera nambala 6, ndipo ngati magalimoto azifa monga akunenera a spana, kungomaliza mpikisano kutha kukupatsa pointi. Magalimoto 22 pa kona yoyamba ya Albert Park, yopanikiza ija, ndi madalaivala omwe sanazolowere kunyamuka opanda MGU-H yothandiza turbo, ine lap yoyamba ndidzaonera nditatsinzina diso limodzi.

MkuluWaV10

A Gogo_Nando mawu tasunga, koma simusiya, tonse tinalumbirapo choncho kkk. Mphwanga wa Ferrari, mako ndi mako, valani kapuyo basi. Kungoti Leclerc akatenga pole loweruka musabwere pano ndi zilembo zikuluzikulu, mnyamata ameneuja ma pole ali nawo oposa 25 koma mipikisano wawina 8.

Tifosi_wotopa

Madala mwandilasa pamtima ndi nambala imeneyo kkkk. Chabwino ndamva, testing sindiikhulupirira, Melbourne sindiikhulupirira, ndidikira Suzuka. Koma alamu ndatchera kale ya practice yoyamba lachisanu, ndipo kapu ili pa chingwe ikuuma. Asisi a Papaya, Oscar akakwera podium ine ndilibe nazo vuto, bola akhale wachitatu kumbuyo kwa zofiira ziwiri.

NaPapaya

Mwaona? Sitinafike nkomwe March mwayamba kale.